Mphuno ya Pakhoma ndi Mlongo Wanga

Ine sukulu ndinalekeza pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo. Ndinati mkuluyu mutu wamuzungulira, ndichoke msanga asanandipatsire. Komabe kachingelezi kovomera bwana ndinatuluka nako, ndipo ndi komweko kamene kanandipezera ntchito ya uweta ku kalabu ya mabwana pa esiteti ya nzimbe kwathu kuno ku Chigwa. Kwa inu osadziwa, weta ndi munthu wovala zoyera amene amanyamula nyama imene saidya n'kukaitula pamaso pa munthu wokhuta kale.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene mumsika sumalowa wopanda khadi, ndipo nkhani iliyonse umayamba wacheuka kaye. Kukhitchini ya kalabuyo tinalimo angapo, koma ofunika pa nkhani ino ndi awiri. Woyamba ndi aphiki aakulu, bambo a mimba yotsogola, mkulu wa mpingo, amene ngakhale anyezi ankamupempherera asanamudule. Wachiwiri ndi mlongo wanga wonditsatira, amene ankatsuka mbale ndi kutiphikira ife antchito ndiwo zathu za masana. Ntchitoyo anamupezera ndi aphiki omwewo, ndipo sankalola kuti aiwale.

Chaka chimenecho mabwana anatichotsera chitofu cha nkhuni n'kubweretsa cha gasi. Masilinda awiri, otalika ngati mwana wa sitandade 1, anawaimika pakona pafupi ndi chitseko cha kuseri. Tonse tinkadutsa pamenepo cham'mbali ngati nkhanu. Tinali titamva kuti gasi akathawa m'silinda saoneka, amangodzaza m'nyumba mwakachetechete kudikira munthu woyatsa machesi.

Kenaka kunabwera mmisiri wa magetsi wa pa esiteti, mnyamata wa kumpoto wolankhula Chichewa cha m'buku, atanyamula kabokosi koyera kokhala ngati sopo wochapira. Anakakhomera pakhoma pambali pa chitseko chija, m'munsi kwambiri, pofika m'bondo. Kutsogolo kwake kunali timabowo ndi kanyali kobiriwira.

"Iyi ndi mphuno," anatero akupukuta thukuta. "Gasi akathawa, imalira. Mukamva kulira, tsegulani zitseko, tulukani, musayatse kanthu. Ndipo musaizimitse. Imagwira ntchito ndi kutentha. Popanda kutentha simva kanthu."

Iye ankanena za mawaya ake. Koma mawu ukawatulutsa pakamwa amakagona m'makutu a eni ake. Kwathu kuno kutentha kuli pawiri. Pali kutentha kwa dzuwa, kumene m'mwezi wa Okutobala kumakupangitsa kudana ndi malaya ako omwe. Palinso kutentha kwina: munthu amene wagona ndi mnzake amakhala wotentha, ndipo akachita zimenezo kunja kwa banja, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo kapena kunyamula khanda, amadula anthu. Mwana amayamba kutsokomola, mapazi kutupa, akulu n'kunena kuti tsempho. Tsiku limenelo palibe amene analumikiza ziwirizi. Mawuwo anangokhala pansi n'kumadikira.

M'mawa wina tikukonza za kadzutsa, mlongo wanga analowa, ndipo kabokosi kaja kanatsegula kukhosi. Mawu ake anali ngati mwana wa mbuzi woponderezedwa ndi chitseko. Tonse balalabalala panja, ine ndi thireyi m'manja, mazira a bwana ali pansi phwa! Mmisiri anabwera pa njinga, anapaka thovu la sopo m'mapaipi monse kufuna poboola, sanapeze kanthu. Anakanda m'mutu n'kumapita.

Zinachitikanso, n'kuchitikanso. Osati tsiku lililonse ayi. Masiku ena mlongo wanga ankalowa kabokosi kali duu. Koma tsiku lililonse limene kanalira, kanalira iye atangolowa kumene. Ife amuna tinkadutsa pomwepo kutuluka ndi kulowa, ena a ife tili ndi mitu yolemera ya dzulo, kabokosi osatilabadira.

Anayamba ndi bambo wina wosesa panja. Tikudya masana pansi pa mtengo wa nimu, anakankhira kumbali mbale ya mlamba n'kufunsa chapansipansi: "Kodi amisiri aja anati kamamva chiyani? Sanati kutentha?"

Kenaka wina anawonjezera kuti mwamuna wa mayiyu ali ku Ngabu kuyambira pamene msika wa thonje unatsegulidwa. Wina anati kamwana kake kakang'ono kakutsokomola. Sanafunikenso wachinayi. Mawa lake ndiwo za mlongo wanga zinabwerera momwe zinapitira. Amuna akuluakulu ankadya chakudya chawo ndi mchere wa m'thumba ndi tsabola, maso ali kumbali. Ndinadya ndekha mlamba wa anthu onse, ndipo sindinganame, unali wokoma.

Tsono muyenera kudziwa za ukwati wa mlongo wangayo. Ife Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi. Koma alamu anga ndi Msena wa ku Nyachikadza, ndipo pofunsira anabwera ndi chuma mwa mwambo wa kwawo. Amalume athu ataona mbuzi zija maso anafiira, analandira, osafunsa kawiri. Ndiye kuti ana awiri a mlongo wanga, kamtsikana koyamba kumene kutunga madzi ndi kamnyamata koyamwa kaja, anali a kuchimuna. Mlandu wa chigololo ukanamugwera, akanabwerera kwathu manja ali m'khosi, ana n'kuwoloka madambo pa bwato kupita kwa agogo awo. Amalumewo anali atatisiya, ndipo unkhoswe unagwera ine, munthu amene ngakhale nkhuku sinkandimvera.

Nkhani ya kuno imayenda pa njinga yopanda mabuleki. Sipanatenge nthawi, uthenga unabwera wakuti alamu atsika kuchokera ku Ngabu, ndipo bambo awo akwera kuchokera ku Nyachikadza, adzakumana kuno kudzaona chinthu cha azungu chimene chagwira mkazi wawo.

Ndinamupeza mlongo wanga kuseri akukwecha mapoto ndi mchenga.

"Iwe, tandiuza ine ndekha. Kuli munthu?"

Sanadzutse mutu. "Achimwene, inunso?"

"Ine ndine nkhoswe. Ndikufunsa mwa udindo."

"Udindo wanuwo kaufunseni kabokosi, si ndiye kakulankhula masiku ano."

"Nanga n'chifukwa chiyani kamalira iwe wekha?"

"Mwina kamandifuna ukwati. Kauzeni kabweretse mbuzi."

Anakwecha potoyo mpaka ndinaimvera chisoni. Ndinaona kuti akubisa kanthu, koma nkhope yake sinali ya munthu wobisa mwamuna.

Masiku amenewo ndinalibe pokhala. Ndikakhala pansi, miyendo inkafuna kuyenda. Ndikayenda, ndinkafuna pokhala. Dzuwa linali lija louma mate m'kamwa, phulusa la nzimbe zowotchedwa likugwa kumwamba n'kumadetsa yunifolomu. Ndinathira supu m'kapu ya tiyi. Ndinapatsa bwana wina mpeni iwiri wopanda foloko, iye n'kundifunsa ngati ndikufuna timenyane. Ndikadutsa pa kabokosi kaja ndinkakayang'ana, iko n'kumandiyang'ananso ndi diso lake lobiriwira ngati mphaka amene waba nsomba.

Masana ena mabwana atapita kukagona, ndinayenda kupita ku shedi ya amisiri. Ndinamupeza mnyamata uja akudya chinangwa pa benchi.

"Amisiri, mphuno yanu ija ikuthetsa banja la mlongo wanga."

Nditamufotokozera, anatsamwa ndi chinangwa. Anaseka mpaka misozi, kenaka ataona kuti ine sindikuseka, analeka. Anatsegula kabati n'kutulutsa kanthu kochepa ngati chala chachikulu, kokhala ndi kachipewa ka sefa wachitsulo ndi timiyendo m'munsi.

"Mphuno yeniyeni ndi iyi, achimwene. Bokosi lija ndi nyumba chabe." Anachotsa kachipewako ndi pulayala. M'kati munali kampope kadothi lowotcha, kochepa ngati njere ya mpunga, kolenjekeka pa timawaya tonga tsitsi. "Mukuona chotuwa chapakidwa pamwambachi? Ndi chitsulo chija amakutira nacho zitini, koma chowotchedwa mpaka kusanduka ufa. M'kati mwa kampopemu muli kawaya kopiringizika kamene kamatentha usana ndi usiku, kutentha koposa kwa simbi yositira. Kutentha kumene ndinkanena ine n'kumeneko."

"Nanga kamanunkhiza bwanji, poti mphuno yake ilibe mabowo?"

Anaganiza pang'ono. "Ufa uwu ndi timibulu tambirimbiri togundana. Magetsi amafuna kudutsa kuchokera pa kambulu aka kupita pa kena. Koma mumpweya umene timapumawu muli okosijeni, uja amathandiza moto kuyaka. Ufawu ukatentha, okosijeniyo amabwera n'kukhala pamwamba pa timibulu tonse, n'kugwira timagetsi tina kuti tisayende. Ndiye pa malire a timibulu njira imapanikizika. Magetsi amadutsa ochepa kwambiri, bokosi limakhala chete."

Ndinayang'ana kukhomo kaye, kenaka ndinatsitsa mawu. "Ngati anyamata a chipani a malaya ofiira aja, ofunsa makadi pa chipata cha msika?"

Nayenso anayang'ana kukhomo. "Ine sindinanene zimenezo."

"Ndanena ndine. Aima pa chipata, anthu akudutsa mmodzimmodzi. Pitirizani."

"Tsono gasi akafika pa ufa wotenthawu, amagwirana ndi okosijeni uja n'kupsa naye pompo, kupsa kopanda lawi, onse awiri n'kuuluka. Timagetsi tija tamasuka, njira yatseguka, magetsi akhamukira. Mbali ina ya bokosi imaona kuti magetsi achuluka, imaliza belu. Gasi akatha, okosijeni wina amabwera kudzakhalanso pamalo paja, belu n'kuleka."

"Ndiye kuti wina wadutsa ndi chipanda cha mowa, anyamata aja amutsatira, chipata chatsala pululu."

"Mudzamangidwa inu," anatero, koma akumwetulira. "Ndipo kachipewa ka sefaka n'koteteza kuti kutentha kwa m'katimu kusayatse gasi wa panja. Kakazizira, okosijeni ndi gasi amangoyang'anana osagwirana. N'chifukwa chake magetsi akazima n'kuyakanso, kamayamba kabwebweta kaye mpaka katenthe bwino."

"Chabwino. Koma mlongo wanga si gasi."

"Apo ndiye pali vuto la kanthu aka. N'kopusa. Sikadziwa dzina la chimene kanunkhiza. Chilichonse chouluka chimene chingapse, iko kamati ndi gasi. Petulo, sipiriti, utsi, ngakhale mowa waukali. Nyengo ya mvula, chinyontho chokha chimakapangitsa kukhala kaukali. Mlongo wanu amapaka chiyani? Amamwa?"

"Samwa. Omwa ndife, ndipo timadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku."

"Mumadutsa choimirira. Ndinakaika m'munsi dala, chifukwa gasi wa m'silinda ndi wolemera, amayenda pansi ngati madzi osefukira. Fungo la pakamwa panu limapita m'mwamba, likafika m'bondo latha mphamvu."

Ndinabwerera ndikulankhula ndekha mumsewu wa pakati pa nzimbe, anthu odula akundiyang'ana. Choimirira. M'bondo. Ndani mwa ife amafika m'bondo?

M'mawa wotsatira sindinathawe. Ndinaima kuseri kwa kabati ya makapu n'kumasuzumira. Mlongo wanga analowa ndi kampukutu ka nsalu m'khwapa, ndipo monga mwana woleredwa bwino, sanapitirire. Anagwada pakhomo pomwepo kupereka moni kwa aphiki aakulu, kampukutu kaja n'kukaika pansi pambali pa bondo lake, pamphuno penipeni pa kabokosi. "Mwadzuka bwanji, bambo?" Aphiki asanamalize kuyankha, mwana wa mbuzi uja anayamba. Onse anathamangira panja. Onse kupatula aphiki aakulu, amene anawerama msanga kuposa mmene mimba yawo inkalolera masiku onse, anatola kampukutu kaja, analowa nako m'chipinda chosungira ufa, n'kutuluka manja ali zii, akufuula kuti, "Ambuye tichitireni chifundo!"

Nditapeza mpata ndinalowamo. Kuseri kwa matumba a ufa kunali botolo lotsekedwa ndi chitsononkho, nsalu yokulungira ili chinyezi. Ndinanunkhiza. Kachasu wa masau, wa mutu weniweni, uja ukathira pansi n'kuyatsa amayaka buluu. Dzanja ndinalizindikira: malemu amayi athu ankatcheza chimodzimodzi.

Ndinamukokera mlongo wanga kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ndiye wakhala ukutcheza, ine m'bale wako osandiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanasiyako dontho? M'bale sagula, amangolawa mpaka botolo liume."

"Iwe, akukutenga ngati wachigololo chifukwa cha chitsononkho chosatseka bwino!"

Ndinamufotokozera za okosijeni ndi anyamata a pa chipata. Anamvetsera pakamwa pali pololo, kenaka anakhala pa mwala n'kugwira mutu.

"Achimwene, musanene. Kachasu ndi mlandu. Adona oyang'anira kalabu akamva, ntchito yatha, mwinanso apolisi. Aphiki nawo, poti ogula ndi iwo, adzawachotsa pa ukulu wa mpingo, ndipo ndi iwo anandilowetsa muno. Andilonjeza kuti alamu anu akabwera adzandiikira umboni."

"Umboni wanji? Pamene anzathu akukana ndiwo zako, iwo anena chiyani?"

Aphikiwo nawonso ankadya ndi mchere wa m'thumba.

"Ingosiya kubweretsa botolo, kabokosi kakhala chete."

"Adzati ndapita kwa sing'anga kukasamba. Mawu atuluka kale."

Ankanena zoona. Ndinayendayenda pamenepo mpaka ndinakumba kanjira.

Alendo anafika Loweruka dzuwa lili paliwombo. Alamu anga, munthu wa mapewa otambalala chifukwa chonyamula mabelo a thonje, nkhope ili ndwii. Bambo awo, nkhalamba yowonda ngati mtengo wokankhira bwato, maso akuthwa, chipewa cha mlaza kumutu. Ndinawachingamira pa siteji, ndipo poti mlendo salankhula kukhosi kuli gwa, ndinawapatutsira kaye kwa mayi wina wogulitsa mowa kuseri kwa msika. Ine ndinangonyowetsa milomo. Iwo ndinawalimbikitsa, chifukwa ulendo wa ku Nyachikadza ndi wautali.

Tinalowa kukhitchini mabwana atagona. Antchito onse anali atapeza chifukwa chokhalira pafupi. Aphiki aakulu ankatakasa msuzi umene sunkafuna kutakasa. Mlongo wanga anaima pa sinki, manja ali m'madzi.

"Chili kuti chinthucho?" anafunsa akuluwo.

Ndinaloza. Anayang'ana kabokosiko, anayang'ana ine. "Kameneka? Kang'onong'ono kameneka ndiye kandiwolotsa madambo?"

"Bambo, musakachepetse. N'kochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu. Koma kali ndi mwambo wake: sikamva munthu woimirira, ndipo khutu lake n'lolimba pang'ono. Gwadani, muyandikire, munene dandaulo lanu."

Nkhalamba inavula chipewa, inagwada mawondo akulira, inaika pakamwa pafupi ndi timabowo tija n'kuyamba mwaulemu m'Chisena. Inatchula dzina la mudzi wake. Isanafike pa dzina la mwana wake, kabokosi kanang'ambika kukhosi.

Akuluwo anagwa chagada. "Ine? Nkhabe! Nkhabe, ayi ndithu! Mkazi wanga anamwalira chaka cha madzi aakulu, ine ndimagona ndi ukonde!"

Wosesa panja uja analuma malaya kuti asaseke. Ndinatsegula zitseko, ndinakupiza ndi thireyi mpaka kanatonthola.

"Mwina kalakwitsa," ndinatero. "Alamu, tayesani inu. Munthu wozizira saopa."

Alamu anagwada monyinyirika, anangoti, "Ine ndabwera kudza..." Kabokosi sikanawalole kumaliza.

"Aaa, alamu! Ku Ngabu kuja munkanyamula mabelo okhaokha?"

"Alamu, ndikuswani mano!"

"Muswe kabokosi, ine ndangofunsa."

Apo khitchini yonse inaphulika. Ine ndinadzimva ngati loya wa ku Blantyre. Ndinakweza dzanja n'kufotokoza zonse: kawaya kotentha, ufa wa chitini, ndi kuti kanthuka sikadziwa za mphasa ya munthu, kamangomva chilichonse chimene chingapse, ndipo alendo athu m'kamwa mwawo munali moto wa kuseri kwa msika. Za anyamata a pa chipata ndinazisiya, poti anthu anali ambiri.

Ndinkayesa ndamaliza. Koma nkhalamba ija inali itakhala pansi, ikupukuta chipewa pa bondo, osaseka.

"Mwana iwe, wachenjera. Watimwetsa dala. Chabwino, kamamva mowa." Inatembenukira ku sinki. "Koma mpongozi wangayu ndimamudziwa, mowa salawa. Nanga iye kamamulirira ninji? Ngati si mowa, ndiye kuti kamamva zinthu ziwiri."

Kuseka konse kunauma. Msampha wanga unali utagwira mwendo wa mlongo wanga. Ndinayang'ana aphiki aakulu. Iwo anayang'ana msuzi.

Pomwepo chitseko cha kutsogolo chinatseguka, n'kulowa adona oyang'anira kalabu, tsitsi lili nyankhalala, atadzutsidwa ndi phokoso. Anafunsa m'Chingelezi kuti anthu achilendowa akutani m'khitchini mwawo, ndipo n'chifukwa chiyani belu lalira kawiri. Womasulira ndinali ine, koma mlongo wanga sanandidikire.

Mlongo wanga anatulutsa manja m'madzi, anawapukuta pa chitenje pang'onopang'ono. Anadutsa pakati pathu, analowa m'chipinda cha ufa, anatuluka ndi botolo. Anazula chitsononkho, anadonthezera pa kansalu kotsukira mbale, n'kukaponya pansi pa kabokosi. Kanalira. Anatola kansaluko n'kukaponya kutali panja, botolo anandipatsa ine kuti ndiime nalo kunja kwa khomo.

"Dikirani katonthole," anatero.

Tinadikira. Kanalira, kanalira, kenaka kanayamba kudukiza, kenaka zii. Ntchentche yokha ndiyo inkamveka pa windo.

Anagwada manja ali opanda kanthu. Anayandikira mpaka mphuno yake inakhudza timabowo tija. Anapuma mwamphamvu, kamodzi, kawiri. Kenaka analankhula nako ngati akulankhula ndi mkazi mnzake pa mjigo: "Nena tsono. Wakhala ukunena masiku onsewa. Nena pamaso pa apongozi anga."

Ndinkakumbukira mawu a mmisiri akuti kanthuka n'kopusa, ndipo ndinkapemphera kuti kasapuse lero. Mlongo wanga anakhala chogwada nthawi yaitali, kuposa imene inkafunika. Kanyali kobiriwira kanangoti phee.

Anadzuka. "Achimwene, auzeni adona. Botolo ndi langa. Ndimatcheza ndine, ndimabwera nalo ndine."

Ndinamasulira. Adona anafunsa kuti amagulitsa kwa yani. Ndinamasuliranso.

"Kwa anthu a ludzu," anatero mlongo wanga, maso ali kudenga. Supuni ya aphiki aakulu inagunda m'mbali mwa poto, koma pakamwa pawo sipanatuluke ngakhale ameni.

Adona sanaitane apolisi, ndiwayamike pamenepo. Anangonena kuti mayiyu atenge zake, asadzapondenso pa kalabu, ndipo botolo likatayidwe. Nkhalamba ija inati ikalitaya yokha. Tili panja inanunkhiza, inalawa pang'ono pofuna kutsimikiza umboni, inatseka maso.

"Masau a kuti amenewa, mwananga?"

"A ku Chapananga, bambo. Ouma."

"Pyadidi, zabwino zedi." Inalowetsa botolo m'thumba la jekete n'kutembenukira kwa mwana wake. "Iwe, wandiyendetsa ulendo wonsewu kudzaweruza munthu wodziwa ntchito? Mlandu palibe. Ana akhala ndi mayi awo. Wotsokomolayo mupite naye kuchipatala Lolemba, fumbi la chaka chino latsokomoletsa ndi mbuzi zomwe."

Alamu anaima ngati mtengo wouma, kenaka anatambasula dzanja kuti anyamule kampukutu ka mkazi wawo, momwe munali mbale yake ndi sopo wotsala. Mlongo wanga anakakanikiza m'khwapa.

"Musavutike. Munthu wotentha angakudwalitseni."

"Amayi a mwana, ine ndinangomva za anthu."

"Ndiye muzikadya kwa anthuwo."

Anatsogola, alamu akutsatira m'mbuyo n'kumapepesa msana wake, nkhalamba ikubwera patali ikusisita thumba la jekete. Ndinawaperekeza mpaka pa mlatho wa ngalande. Pamenepo mlongo wanga anaima n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato zoyera mpaka ku kolala.

"Achimwene, nzeru zanu zandidyera ntchito."

"Zakusungira ana."

"Ana ndasunga ndekha. Inu munangomwetsa anthu mowa." Anasuntha kampukutu kupita m'khwapa linalo. "Bwererani msanga. Mapoto aja ndawasiya m'madzi, ndipo amene akawatsuke lero sindikumuona wina."

Ndinabwerera, ndinapinda manja a yunifolomu, ndinawatsuka.